Ana a kwa Ndake Nawonso Aonedwe: Kalata Yotseguka kwa Mkulu Woyang'anira Masewera a Ana a Sukulu

Olemekezeka Bwana,

 Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, wokhala m'mudzi wina wa kwa Amfumu Ndake, m'boma la Nyimba, patali ndithu ndi msewu waukulu wochokera ku Lusaka, ndipo nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ya kasankhidwe ka anyamata olowa m'timu ya rugby yoimira chigawo chathu.

Sindinafune kuti mawu awa afike pabwalo pamene aliyense angawawerenge, pakuti tinaleredwa podziwa kuti nkhani ya m'nyumba imakambidwa chitseko chili chotseka, ndipo mkulu sadzudzulidwa pamaso pa ana. Koma chaka chatha ndinalemba makalata awiri, imodzi yopita ndi aphunzitsi aakulu a sukulu yathu, ina ya pa positi, osalandira yankho ngakhale la mzere umodzi. Ndinadzukanso ndekha tambala woyamba, kukwera basi kudzera pa Minga, pa Sinda ndi pa Katete mpaka ku Chipata, kumene ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, n'kubwerera ndi mawu akuti nkhani yanga yamveka ndipo idzaonedwa. Popeza nyengo yosankha ana yayandikiranso zinthu zili momwe zinalili, ndaona kuti kukhalabe chete kungakhale kuwataya ana amene amandikhulupirira. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Mwina mudzafunsa kuti nkhalamba ya kwa Ndake, dziko la nthochi, nsawa ndi thonje, ingadziwe chiyani za rugby. Atate anga, monga amuna ambiri a Chinsenga a nthawi yawo, anasiya khasu napita kukagwira ntchito ku Migodi, ndipo ine ndinakulira m'komboni ya kumeneko, kumene tili ana tinkasuzumira pa mpanda kuonerera Azungu akulimbirana mpira wonga dzira pa kapinga wothiriridwa bwino, amene ife sitinkaloledwa kupondapo. Ufulu wa 1964 utabwera zipata zija zinayamba kutseguka, ndipo lero magulu a Diggers ku Kitwe, Leopards ku Mufulira, Nchanga ku Chingola, Roan ku Luanshya, ndi Red Arrows ndi Green Buffaloes ku Lusaka adzaza ndi zidzukulu za anthu amene ankasuzumira pa mpanda paja. Timu ya dziko lathu, ya osewera asanu ndi awiri mbali iliyonse, inapita ku masewera a Commonwealth ku Gold Coast mu 2018 ndi ku Birmingham mu 2022, kumene inaima maso ndi maso ndi akatswiri a ku New Zealand ndi ku Fiji. Zonsezi zimandisangalatsa mtima. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti mpanda umene ndinausiya ku Migodi ndili mwana ndaupezanso kuno kwathu ndili ndi imvi, utaimikidwa pakati pa mwana wa m'tauni ndi mwana wa kumudzi.

Pobwerera kwathu nditapuma ntchito ndinatenga mpira umodzi wakale, wosokedwasokedwa, umene agogo a m'mudzi anauseka poyamba kuti ndi mpira wobadwa wopunduka. Anyamata a pasukulu yathu anazula okha zitsa kuseri kwa makalasi, nasesa minga, nadula nsungwi zazitali kumtsinje kuti zikhale mizati; ndipo kwa zaka zitatu tsopano, Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse dzuwa likapepa, ndawaphunzitsa kuponyera mpira m'mbuyo pothamangira kutsogolo, kugwetsa mnzawo pomugwira m'chiuno mutu uli pambali, ndi kudzuka osasunga mangawa. Mwa anyamata amenewa ndinapita ndi anayi kukayesedwa chaka chatha. Zimene ndilembe m'munsimu ndi zimene ndinaona ndi maso anga paulendo umenewo.

Choyamba: uthenga umafika mochedwa

Uthenga wa tsiku losankha unatumizidwa pa WhatsApp Lachitatu, wonena za Loweruka la mlungu womwewo. Amene anautumiza ayenera kuti ankaganiza kuti wachita bwino, pakuti m'tauni uthenga wotere umafika m'kuphethira kwa diso. Koma kwathu kuno aphunzitsi aakulu amachita kukwera pachulu kuseri kwa sukulu, foni ili m'mwamba, kuti alandire mauthenga, ndipo anauona Lachinayi madzulo. Tinatsala ndi tsiku limodzi lokha loti tiuze makolo, tipeze ndalama, tichape zovala ndi kufika pamsewu. Titafika ku Chipata ndinamva ana a m'masukulu a pafupi akukambirana za mmene anakonzekerera kwa milungu ingapo, chifukwa aphunzitsi awo amakumana tsiku ndi tsiku ndipo nkhani imawafika isanalembedwe. Akulu athu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Ife tinaitanidwa kutapsa kale.

Chachiwiri: mtunda ndi ndalama ndizo zimayamba kusankha

Kuchokera pa Nyimba kufika ku Chipata pali makilomita opitirira 200, osawerengera ulendo wa pansi kapena wa panjinga wochokera m'midzi kufika pamsewu. Ndalama za basi, za chakudya ndi za pogona zonse zinali pamutu pa makolo. Mayi wina wamasiye anagulitsa mbuzi yake imodzi mwa ziwiri zimene anali nazo. Bambo wina anatapa nsawa zimene anasungira mbewu. Ndalama zina ndinathyola pa penshoni yanga. Ndi zonsezo tinakwanitsa ana anayi okha, ndipo amene ndinamsiya misozi ili m'maso ndiye anali woposa onse, mnyamata wothamanga ngati mphoyo, amene atate ake analibe choti agulitse chifukwa thonje lawo linali lisanalipiridwe.

Tinafika usiku, m'mwezi wa June, mphepo ya chisanu ikuboola m'mafupa. Anawo anagona pakhonde la sitolo pafupi ndi pokwerera mabasi, atafunda chitenje chimodzi awiriawiri, ndipo m'mawa anadya nthochi zimene tinanyamula kuchokera kwathu ndi zitumbuwa ziwiriziwiri, n'kulowa m'bwalo miyendo ili gwa, kukalimbana ndi anzawo amene anagona pabedi nadzuka n'kumwa tiyi wamkaka. Bwana, m'mwezi wa January 2022 Boma linachotsa malipiro a sukulu, ndipo tonse tinaona makalasi akudzaza ndi ana amene kale ankangokhala kubusa. Chimenecho chinatiphunzitsa kuti nzeru zinalipo m'midzi, ndalama ndizo zinkatseka pakhomo. Chimodzimodzinso ndi masewerawa: osankha asanatsegule n'komwe buku lawo, mtengo wa basi umakhala utasankha kale.

Chachitatu: za umboni wa zaka

Pa mfundo iyi ndiyambe ndi kuvomereza kuti kunama zaka ndi choipa chachikulu, makamaka m'masewera ano a kugundana matupi, m'mene munthu wamkulu wodzibisa pakati pa ana angathyole khosi la mwana wa mwini. Amene amafunsa umboni amachita bwino. Koma umboni umene unafunidwa unali satifiketi ya kubadwa yokha, pepala limene ana ambiri a m'midzi yathu sanalionepo, pakuti anabadwira m'nyumba m'manja mwa azamba, ndipo makolo awo sanakhale ndi mpata wopita ku boma kukalembetsa. Mmodzi wa anyamata anga, wa zaka 15, amene ndinamuona ndekha ali kumsana kwa amake, anabwezedwa pachipata. Khadi lake la kusikelo linadyedwa ndi chiswe, ndipo reji, chitupa cha unzika, sakanakhala nayo popeza imaperekedwa munthu akakwanitsa zaka 16. Wina mwa oyang'anira anamuyang'ana mapewa ndi mikono, nanena mokweza pamaso pa anzake kuti uyu ndi bambo wa ana. Mapewa amenewo, Bwana, anaumbidwa ndi khasu, nkhwangwa ndi matumba a chimanga. Mwana wa kumudzi amayamba kusenza katundu mnzake wa m'tauni akali kuperekezedwa kusukulu. Mnyamatayo anakhala tsiku lonse kunja kwa mpanda, zala zake zitagwira waya, akusuzumira monga ndinkachitira ine zaka zambiri zapitazo. Ndipo amake ndi aja anagulitsa mbuzi.

Chachinayi: mmene ana amaonedwera m'bwalo

Apa ndiye pagona nkhani yanga, ndipo mundilole ndichedwepo pang'ono. Ubwino wa rugby, umene unandikopa kuyambira ubwana, ndi wakuti pa osewera 15 aja pali malo a thupi la mtundu uliwonse. Wamfupi wojintcha wa khosi lalikulu ali ndi ntchito yake kutsogolo kwa sikiramu, pamene osewera amakankhana atakolekerana mapewa. Wamtali ngati mlaza amadumphira mpira ukaponyedwa kuchokera kumzere wa m'mbali. Wamng'ono wochenjera amatola mpira pansi naugawa. Wopepuka miyendo amadikira kumphepete. Choncho wosankha wanzeru sangamudziwe mwana asanamuike pamalo pake, ndipo sangamudziwe m'kanthawi kochepa.

Koma ana anga atatu amene analoledwa kulowa anapatsidwa mphindi ngati khumi aliyense. Amene ndamuphunzitsa zaka zitatu kukankha m'sikiramu anaikidwa kumphepete, chifukwa malo a kutsogolo anali atadzaza kale ndi ana odziwika. Ndipo m'mphindi khumi zonsezo mpira sunamufike m'manja ngakhale kamodzi, pakuti ana a sukulu imodzi ankaponyerana okhaokha, poitanana ndi maina awo a tsiku ndi tsiku. Sindikuwada anawo, aliyense amaponyera amene akumudziwa. Osankha nawonso anali aphunzitsi a masukulu omwewo amene ana awo ankapikisana. Sindikunena kuti panayenda chiphuphu, ndipo Mulungu andikhululukire ngati mawu anga angamveke choncho. Ndikunena kuti munthu amene wakhala ndi mwana chaka chathunthu, akudziwa mphamvu zake zonse, akamuona wagwetsa mpira amati lero sikunamuchere, koma mlendo akagwetsa amati sadziwa kanthu. Timanena pakamwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma ndi ochepa amene angaweruze mwana wawo ndi wa mnzawo pa sikelo imodzi, ndipo si chilungamo kuwasenzetsa mayesero otere. Pomaliza maina anawerengedwa papepala, osankhidwa anaomberedwa m'manja, otsala anauzidwa kuti adzayesenso chaka chamawa, popanda wowauza chimene chinapereweza kuti akakonze.

Timawerenga m'Buku Lopatulika kuti mneneri Samueli, atatumidwa kukadzoza mfumu, sanakhale ku Rama n'kuitanitsa anyamata a Israeli kuti adzionere okha kamba wa panjira. Ananyamuka iye mwini ndi nyanga ya mafuta kupita ku Betelehemu, ndipo ana a Jese atadutsa onse pamaso pake, sanafulumire kutseka nkhani, koma anafunsa ngati panatsala wina, nadikira kufikira wamng'ono uja atabwera kuchokera kubusa. Wosankha amene safunsa funso limenelo adzadzoza amene ali pafupi.

Ndiponso za masiku athu ano zimachitira umboni. Ku South Africa, kumene matimu a ana a sukulu oimira zigawo akhala akukumana chaka ndi chaka pa mpikisano wa Craven Week kuyambira mu 1964, kuli Siya Kolisi, amene anakulira m'manja mwa agogo ake m'komboni yosauka ya Zwide, nagona ndi njala kambirimbiri. Ali ndi zaka 12 anaonedwa pa mpikisano wa ana ku Mossel Bay, napatsidwa malo aulere pasukulu ya Grey ku Port Elizabeth. Mu 2018 anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera timu ya dziko lake, ndipo ananyamula chikho cha dziko lonse lapansi kawiri, ku Japan mu 2019 ndi ku France mu 2023. Pakanapanda munthu wamaso kuima m'mbali mwa bwalo tsiku limenelo, dzina lake silikanamveka kupyola msewu wa kwawo. Ine sindikulonjeza kuti kwa Ndake kuli Kolisi; ndikunena kuti ngati alipo, pa kachitidwe kamene kalipo lero adzakalamba akugulitsa nthochi pa mazenera a mabasi a pa Nyimba popanda womudziwa.

Chachisanu: za chitetezo cha ana

Ana anga analowa m'bwalo opanda nsapato, pa nthaka youma ya m'chisanu, pakati pa anzawo ovala nsapato za zisonga kunsi, ndipo mmodzi anabwerako chikhadabo cha chala chachikulu chitazuka. Panalibe namwino kapena bokosi la mankhwala. Mwana wina, wosakhala wa kwathu, anagunda mutu pansi nadzuka akudzandira. Anangomuthira madzi kumutu n'kumubwezera m'bwalo, chifukwa ankalira kuti mwayi wake ungamupite, pamene malamulo a masewerawa pa dziko lonse amanena kuti wokayikiridwa kuti wavulala mu ubongo atulutsidwe ndipo asabwererenso tsiku limenelo. Nkhani iyi siifuna mawu ambiri.

Zimene zatsatira kumudzi

Tinabwerera Lamulungu madzulo. Mayi wamasiye uja anatichingamira panjira, ndipo atamva kuti mwana wake sanaponde n'komwe m'bwalo, sanakalipe, sanalire. Anangoti zikomo aphunzitsi, mwayesetsa, natembenuka kulowa m'nyumba. Ndikanakonda akanandinyoza. Kuyambira pamenepo makolo ena aletsa ana awo kubwera kubwalo, ponena kuti masewera amenewa ndi a ana a mabwana, ndipo ndilibe chowayankha.

Mudziwe, Bwana, kuti kwathu kuno mpira umenewu unali chingwe chomangira anyamata kusukulu. Lamulo langa linali lakuti wojomba m'kalasi sagwira mpira, ndipo anyamata amene kale ankathawa nthawi yokolola kapena yotentha makala anayamba kufika belu lisanalire. Ankadziwa kuti magulu ngati Red Arrows ndi Green Buffaloes ndi a asilikali a m'mlengalenga ndi a pamtunda, ndipo ankaona patsogolo pawo kanjira, ngakhale kopapatiza, kopita ku ntchito ndi ku moyo wina. Mwa anayi amene ndinapita nawo, awiri okha ndiwo akali pasukulu. Uja anabwezedwa pachipata anasiya m'chigawo chachitatu cha chaka, ndipo ndamva kuti akumufunira mbeta, pamene mafumu athu akuyesetsa usana ndi usiku kuthetsa maukwati a ana. Chigawonso chimaluza: timu imene imavala dzina la chigawo chonse, kuyambira pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Chama, yatengedwa m'masukulu owerengeka a malo amodzi, ndipo ikakumana ndi ana a ku Migodi kapena a ku Lusaka imapita itasiya mphamvu zake zambiri kumudzi.

Zopempha zanga

1. Kusankha kuyambire m'madera a masukulu oyandikana, kumene mwana angafike wapansi kapena panjinga. Opambana apite ku boma lawo, pa Nyimba, pa Petauke ndi m'maboma ena. Ndipo ochokera m'mabomamo ndiwo akakumane ku likulu la chigawo. Osankha abwere kwa ana, pakuti ulendo wa anthu awiri kapena atatu ndi wotsika mtengo kuposa wa ana makumi ambiri.

2. Masiku a kusankha alengezedwe kuchiyambi kwa chigawo cha sukulu, ndi kalata yolembedwa yodzera m'maofesi a maphunziro a m'maboma, komanso pa wailesi za m'madera, zimene zimamveka ngakhale kumene foni sigwira.

3. Mwana amene wapambana pa boma lake asafunsidwenso ndalama ya basi, ya chakudya kapena ya pogona. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, linakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse. Ndikupemphani kuti mukhale pansi ndi makhonsolo ndi makomiti ake, muone ngati mabwalo, mipira ndi nsapato za ana a m'midzi sizingapezemo malo. Mawu anu kumeneko adzalemera kuposa anga.

4. Kumene satifiketi ya kubadwa palibe, kaundula wa sukulu amene mwana analembedwamo poyamba Giredi 1 alandiridwe, pamodzi ndi kalata ya anyakwawa kapena buku la ubatizo. Ndipo zimenezi ziunikidwe mwana asananyamuke kwawo.

5. Mphunzitsi asaweruze masewera amene muli ana a sukulu yake. Mwana aliyense aseweretsedwe pamalo amene anazolowera, kwa nthawi yokwanira, m'matimu osakaniza masukulu, ndipo wotsala auzidwe, ngakhale m'mawu awiri, chimene ayenera kukonza.

6. Pa tsiku lililonse losankha pakhale namwino ndi galimoto yothamangira kuchipatala.

Zonsezi zikakhazikika zikhudzenso atsikana, pakuti alipo angapo pasukulu yathu amene ayamba kutola mpira anyamata akaweruka, ndipo sindifuna kuti nawonso adzaime kunja kwa waya.

Ifenso sitibwera manja ali m'thumba, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Makolo a pasukulu yathu avomera kusalaza bwalo ndi kulithirira masiku atatu alendo asanafike, kuti nthaka ifewe. Amayi alonjeza ufa, nkhuku ndi nkhuni. Aphunzitsi aakulu apereka makalasi awiri ogonamo ana ochokera m'masukulu oyandikana. Ndipo ine ndidzapita ndekha kwa anyakwawa kuti nkhaniyi ikafike kwa Amfumu monga mwa mwambo. Ndagwira mwendo wanu, Bwana: tumizani munthu, kapena mubwere inu mwini mudzaone. Msewu wa kwathu umapitika bwino kuyambira mwezi wa May kufikira mvula yoyamba, ndipo mukafika pa Nyimba Lachiwiri kapena Lachisanu masana, mnyamata wa panjinga adzakhala akukudikirani kuti akulondolereni njira. Uja ndinamsiya akulira chaka chatha akali kubwera kubwalo, ndipo chaka chino ndicho chake chomaliza pa msinkhu umenewu.

Ine wanu wodzichepetsa,

Mphunzitsi wopuma ntchito,
M'dziko la Amfumu Ndake, Nyimba.